Tikapalase kumtunda kwa Ichetucknee, amene mukubwera lembani apa

NaPhiri wa ku Gainesville: Moni nonse pagulu. Tinagwirizana zoti nyengo yotentha isanafike, anthu asanayambe kudzadza, tikapalase bwato pa mtsinje wa Ichetucknee, uja wochokera mu akasupe a mu paki ya boma kuno ku Florida, nde ndati ndiike pano kuti tiwerengane. Ndikuganiza Loweruka la sabata ya mawa, tikumane pa geti la kumpoto la paki mmawa ndithu akamatsegula 8 koloko. Kwa amene simunafikeko, ndi pafupi ndi katawuni ka Fort White, kuchoka kuno ku Gainesville sikukwana ola pa galimoto. Tikayambira kumutu kwenikweni kwa mtsinje mpaka potulukira paja pafupi ndi mlatho wa msewu wa US 27, ndi makilomita 5 ndi theka basi ndipo madzi amakukankha okha, olo munthu woti sanagwirepo nkhafi amafika bwinobwino. Amene mulibe bwato kayaki mubwereka ku paki komweko, komaso pali galimoto yonyamula anthu pakati pa kumunsi ndi kumtunda. Chimodzi ndineneretu kuti tisakadabwe pa geti, machubu opopa aja oti munthu akhalepo nkumayandama, kumtunda kuja salola.

Mnyamata wa ku Tampa: Ine ndilembeni achemwali, tibwera awiri. Koma ndifunseko, ng'ona mulibe mmenemo?

NaPhiri wa ku Gainesville: Zilimo achimwene, kuno ku Florida madzi aliwonse muziwatenga kuti muli ng'ona. Koma za kuno zija alligator kawirikawiri zimapewa anthu, ukaiona yagona pa gombe umangodutsa patali, osaiputa, osaiponyera chakudya. Zimene mukaone zambiri ndi akamba atandandalika pa zipika kuwothera dzuwa, akakowa, nsomba zikuoneka mpaka pansi penipeni, mwayi ukakhalapo katumbu. Nyengo yozizira manatee, nyama zikuluzikulu za mmadzi zodya udzu zija, amakwera kuchokera ku mtsinje wa Suwannee kudzera mu mtsinje wa Santa Fe chifukwa madzi a mu kasupe sasintha, amakhala pa madigiri 22 chaka chonse.

Bambo a mapasa: Achemwali nkhani ya machubuyi ine mpaka lero imandiwawa. Corona isanabwere tinkayambira kumtunda komweko, banja lonse pa machubu, maola atatu ana akusangalala, ndalama yake yochepa zedi. Pano mukuti kayaki, ine ndi mayi awo ndi ana awiri ndekuti makayaki awiri akuluakulu, ndalama imeneyo si aliyense angaitulutse tsiku limodzi. Mapeto ake malo abwino kwambiri a mtsinje atsalira anthu okhala ndi maboti awoawo pa denga la galimoto, ife a machubu atithamangitsira kumunsi kothithikana. Paki ndi ya boma, ndi ya tonse, misonkho timadula tonse.

Mayi a Junior: Apo bambo a mapasa mwandiyankhulira

NaPhiri wa ku Gainesville: Bambo a mapasa ndikukumvani, ndalama ndi nkhani ndithu sindikutsutsa. Koma machubu sanawaletse mtsinje wonse ayi, kuyambira 2021 anangotseka chigawo cha kumtunda, kumunsi cha pa malo olowera mmadzi a Dampier's Landing mpaka lero anthu akuyandama chifukwa kumeneko ndi kozama, miyendo sifika pansi. Kumtunda vuto lake ndi posaya komaso popapatiza. Munthu wa pa chubu miyendo imalendewera mmadzi, chubu chikakodwa amatsika nkuimirira, mwana akafuna kudikira anzake amagwira udzu, wina amakwera pa gombe kukapuma. Munthu mmodzi palibe kanthu, koma ankalola anthu 750 patsiku kuyambira kumtunda kuja, tsiku ndi tsiku kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Udzu wa pansi pa madzi uja umazuka ndi mizu yomwe, unkauona madzulo ukuyandama mitolomitolo kupita kumunsi, pakati pa mtsinje patatsala kanjira koyera ka mchenga wokhawokha. Nyengo yozizira umayamba kuphukira, usanagwire bwino anthu abweranso. Ndipo udzu umenewo si wokongoletsa chabe, ndi momwe mumabisala tinsomba ndi nkhono, ndi umene akamba ndi manatee amadya, ndi umenenso umagwira dothi kuti madzi asachite matope. Mukakaona mmene wabwerera pano, wautali wobiriwira ukugwedezeka ndi madzi mbali zonse mpaka mchenga osaoneka malo ena, mukamvetsa chomwe ndikunena.

Bambo a mapasa: Nanga makayaki sazula? Ine ndaonapo ndi maso anga anthu akubaya nkhafi pansi ngati akukankha bwato ndi nsungwi, kumbuyo kwawo matope okhaokha ali tolotolo

Malume a ku Ocala: Apo mwanena zoona mwana wanga, ndipo ndi chifukwa chake ndikufuna ndiyankhuleko tisanapite, poti ambiri pagulu pano bwato mukalikwera koyamba. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, nkhafi ndinaigwira ndisanayambe sukulu. Pa nyanja umaviika nkhafi yonse nkukoka ndi mphamvu chifukwa ukulimbana ndi mafunde ndi mwera, koma mtsinje uwu sufuna mphamvu, madzi akuyenda kale, ntchito yako ndi kuwongola basi. Viikani nsonga yokha ya nkhafi, muzipalasa chopendeketsa pamwamba pa madzi osati choimika. Mukafika posaya poti udzu ukukhudza bwato siyani kupalasa, ikani nkhafi pa maondo madzi akutengeni. Pokhota yambani kuwongola mukadali patali, amene amabaya pansi aja ndi oti aona mtengo mochedwa nde akuchita mantha. Mukakhala awiri wolemera akhale kumbuyo ndipo wowongola ndi iyeyo, wa kutsogolo asamalimbane naye. Bwato likakodwa pa chipika musatsike, kankhani chipikacho ndi dzanja kapena dikirani ine ndibwere. Komaso tisamayende chogundana maboti anayi mulifupi kuti tizicheza, popapatiza paja tizidutsa mmodzimmodzi, apo ayi a mmbali amakakwera pa udzu. Ndipo chipika chokhala ndi akamba musachiyandikire kuti mujambule bwino, akagwera mmadzi ndekuti mwawalanda dzuwa lomwe amafuna kuti thupi litenthe.

Mnyamata wa ku Tampa: Malume ine ndikhala pambuyo panu ndithu, ndizingoonera

Mayi a Junior: Nanga za chakudya bwanji? Ndimati ndiphike mpunga ndi nkhuku tikadyere pa mtsinje. Komaso Junior ali ndi zaka 5, amulola?

NaPhiri wa ku Gainesville: Mayi phikani ndithu koma tikadyera pa mabenchi a pa geti tikatuluka mmadzi. Pa mtsinje salola chakudya, mowa, fodya, mabotolo a pulasitiki otaya aja, olo galu. Madzi akumwa tengani mu botolo lokhalitsa. Ena amadandaula koma ndi chifukwa chake ukayang'ana pansi suona zitini. Junior amulola, koma lamulo la Florida limati mwana wosakwana zaka 6 azivala laifi jaketi nthawi yonse ali mu bwato laling'ono, akulu pakhale jaketi ya aliyense mu bwato ndi wezulo. Ine ndinganene kuti tonse tivale basi, madzi aja ndi oyera nde amanamiza, umaona ngati pansi ndi pompa pomwe ndi pozama kukupitirira.

Wophunzira za madzi: Moni akuluakulu, ine nthawi zambiri ndimangowerenga koma apa ndiloleni ndiikeko mawu chifukwa ndi zomwe ndikuphunzira. Zonse mwanenazi za mapazi ndi nkhafi ndi zoona koma mtsinje uwu chomwe chikuudwalitsa kwambiri sichikuchokera pa geti, chikuchokera pansi pa nthaka. Dera lonseli pansi pake ndi mwala wa laimu wobowokabowoka, mvula ikagwa madzi amalowa mmenemo nkumayenda mmapanga, ndi omwe amati Floridan aquifer aja. Akasupe timawaonawa, Head Spring, Blue Hole, Devil's Eye, Mill Pond ndi enawo, ndi pongotulukira basi. Blue Hole yekha ali mgulu la akasupe akuluakulu kwambiri. Nde mtsinje umene ife timati wayambira pa paki kwenikweni wayambira kutali cha ku Lake City, kuli nyanja yaing'ono ya Alligator Lake yomwe nthawi zina madzi ake amamira onse mmaenje, ndi timitsinje tomwe timangolowa pansi nkusowa. Mu 1997 anathira utoto pa dzenje lina lomeza madzi la Rose Sink, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa paki, patangotha masiku 8 utoto unatulukira mu akasupe a Ichetucknee. Masiku 8 okha, ndekuti dothi silipeza mpata wosefa chilichonse. Feteleza wa mminda ndi wa pa kapinga, ndowe za ng'ombe za mkaka, zotuluka mma septic tank a nyumba, zonsezo zimasanduka nitrate, mchere uja wa mu feteleza wokulitsa zomera, nkukatulukira pomwe tikukapalasapo.

Aphiri a ku Area 25: Ine ndili kuno ku Lilongwe sindibwera nawo koma ndikutsatira. Nde ndi nkhani yomwe ija alangizi a zaumoyo amatiuza kuti chimbudzi osakumba kumtunda kwa chitsime, kungoti kwanuko chitsime chake ndi cha dera lonse. Nde madziwo anthu akusambamo bwanji ngati ali choncho?

Wophunzira za madzi: Aphiri kwa munthu alibe vuto pa nkhani ya nitrate, malire a madzi akumwa kuno ndi mamiligalamu 10 pa lita ndipo a mu kasupe ali kutali kwambiri ndi pamenepo. Koma mtsinje sufanana ndi mimba ya munthu. Kale akasupe amenewa ankakhala ndi cha mma 0.05, boma la Florida linaika malire a 0.35 kwa akasupe, koma pa Head Spring akayeza amapeza kuwirikiza kawiri malire amenewo. Zotsatira zake ndi ndere. Achemwali anena za udzu wobiriwira, ndi zoona wabwerera, koma Loweruka mukayang'anitsitse masamba ake, malo ambiri akutidwa ndi kandere kofiirira ngati ubweya, pena pansi pali zinyalanyala zakuda zoterera, imeneyo ndi ndere yomwe imaphimba udzu kuti usaone dzuwa. Komaso kunena chilungamo si nitrate yekha, ofufuza ena anapeza kuti pomwe nkhono zodya ndere zachepa ndi pomwe ndere yachuluka, ndipo madzi akamayenda pang'onopang'ono ndere imakhazikika osakokoloka. Nde kuchepa kwa madzi nako kuli momo.

Bambo a mapasa: Eyaa nde mwafika pomwe ndimafuna ine. Mwamva nokha kuti wodwalitsa mtsinje ndi wa ng'ombe, wa feteleza, wopopa madzi. Koma amene amuletsa ndi mwana wanga wa pa chubu. Chifukwa chani? Chifukwa mwana wanga alibe loya, alibe woti akamuyankhulire ku Tallahassee, likulu la boma la Florida. Kuletsa machubu nkosavuta, umangokhoma chikwangwani pa geti, koma kuuza mwini famu kuti chepetsa feteleza palibe amene akufuna

Chemwali wa ku Jacksonville: Zopopa madzizo zandikhudza ine. Ndinamva pa wailesi kuti madzi omwe timamwa ndi kuthirira kapinga kuno ku Jacksonville akuchokera mu aquifer yomweyo ndipo kupopa kwa mbali ino kukukoka madzi omwe kale ankapita ku akasupe a kumadzuloko. Zoona zimenezo? Chifukwa pa kompleksi yathu masprinkila amatseguka mbandakucha olo mvula itagwa usiku wonse, madzi kumangoyenda mu msewu

Wophunzira za madzi: Ndi zoona chemwali, pansi paja pali ngati malire pomwe madzi ena amalowera kummawa ena kumadzulo, ndipo kupopa kwambiri kwa mizinda ndi mafakitale a kummawa kwakhala kukusuntha malire amenewo, dera lodyetsa akasupe a Ichetucknee ndi Santa Fe nkumachepa. Kuphatikizapo makina othirira minda ozungulira aja mumawaona mmbali mwa msewu. Nde olo mvula ikhale yomweyo, madzi otuluka mu akasupe ndi ochepa kuyerekeza ndi kale.

Chemwali wa ku Jacksonville: Komaso paja mu February 2021 a Suwannee River Water Management District, bungwe la boma loyang'anira madzi mdera limenelo, anavomereza kuti kampani ija ya Seven Springs izipopa magaloni pafupifupi 1 miliyoni patsiku pafupi ndi akasupe a Ginnie Springs oti azithira mmabotolo a Nestlé, anthu anakana zedi koma zinadutsa. Chaka chomwecho chomwe anatseka machubu. Nde bambo a mapasa sakulakwa kudandaula

NaPhiri wa ku Gainesville: Sakulakwa, ndipo za Ginnie zija nane zinandipweteka. Koma tiyeni tisiyanitse. Oyang'anira paki mphamvu yawo imathera pa mpanda wa paki, sangapite ku famu ya munthu kukatseka paipi. Chomwe chinali mmanja mwawo ndi mapazi a anthu, anachita chimenecho, ndipo chagwira ntchito, tikuona ndi maso. Kunena kuti poti wa feteleza sanamugwire nde tibwererenso kukaponda udzu, wopwetekeka ndi mtsinje womwewo. Udzu woti ukulimbana kale ndi ndere ukaupondanso sudzuka. Ine mkwiyo wanuwo bambo a mapasa ndikugwirizana nawo koma tiupititse kwa eni ake, osati kwa udzu.

Malume a ku Ocala: Ndikuuzeniko za kale pang'ono poti ine kuno ndakhalitsa. Malo amenewa asanakhale paki anali a kampani ya miyala ya fosifeti yotchedwa Loncala, boma linagula mu 1970, nthawi imeneyo kunali zinyalala ndi chipwirikiti cha anthu, magalimoto kufika mpaka pa kasupe. Nde kuyera mukukuonaku ndi ntchito ya anthu, sizinangochitika. Chomwe ndinaona ndi maso anga ndi cha 1999, pomwe kunabwera nkhani yomanga fakitale ya simenti cha ku Branford, makilomita ochepa chabe kuchokera pa mtsinje. Bwanamkubwa wa nthawi imeneyo Jeb Bush anabwera iye mwini kudzapalasa pa Ichetucknee, chilolezo anakana, anthu tinaomba mmanja. Pasanathe nthawi anakambirana, chilolezo chinaperekedwa, fakitale inamangidwa ndipo ilipo mpaka lero. Komabe phokoso la anthu lija silinapite pachabe chifukwa boma linagula malo ena okumba miyala omwe ali pamwamba pa njira ya madzi ija ya pansi, ndi Rose Sink yomwe, kuti asaonongeke. Panali mkulu wina Jim Stevenson, anali katswiri wa zachilengedwe wa mapaki a boma, ameneyo anatha zaka akusonkhanitsa alimi, a khonsolo ndi ofufuza pamodzi kuwaonetsa kuti madzi a pa Lake City ndi omwewo a pa kasupe. Zikwangwani mumaziona mu msewu zonena kuti mwalowa mdera lodyetsa akasupe a Ichetucknee zinachokera ku ntchito ngati imeneyo.

Bambo a mapasa: Malume nde mukuvomereza kuti wa ndalama amapambana basi

Malume a ku Ocala: Nthawi zina amapambana mwana wanga, nthawi zina ayi. Mwaiwala za 2024? Boma linatulutsa mapulani oti amange mabwalo a gofu ku Jonathan Dickinson State Park ndi mahotela mmapaki ena, anthu a zipani zonse anaima pa mageti ndi zikwangwani, pasanathe milungu iwiri mapulani anawachotsa, ndipo mu 2025 anakhazikitsa lamulo loletsa zomanga ngati zimenezo mmapaki. Amene anaima pa mageti aja ndi anthu ngati ife tomwe.

Mnyamata wa ku Tampa: Koma ambiri pagulu pano sitivota malume, ena tili pa viza ya sukulu ena ya ntchito, tingapange chani ife

NaPhiri wa ku Gainesville: Kuvota ayi koma zina zilipo zambiri. Misonkhano ya bodi ya Water Management District imachitikira ku Live Oak mwezi ndi mwezi ndipo ndi yotseguka kwa aliyense. Pali Ichetucknee Alliance, pali Florida Springs Institute ku High Springs, amafuna anthu ongodzipereka. Paki nayo imatenga mavolontiya, kwa zaka zambiri akhala akuchotsa ndi manja kachomera koyandama kaja water lettuce kuti asathire mankhwala mmadzi. Ndipo chaching'ono chomwe tonse tingachite Loweruka lomweli, amene mukubwera ndi kayaki yanu itsukeni iume bwino musanabwere, makamaka ngati munali nayo ku nyanja zina, kachidutswa kamodzi ka hydrilla, udzu wa mmadzi wachilendo wofalikira msanga uja, komatirira pansi pa bwato nkokwana kuyambitsa mavuto.

Mayi a Junior: Ine ndimvetseniko, poti mukuti osatsika mu bwato, ana akafuna kusambira nde atani? Maola awiri mwana ali phee mu bwato akuona madzi oyera chonchija sizitheka

NaPhiri wa ku Gainesville: Asambire tisananyamuke mayi, pa Head Spring pomwepo pali malo osambira ndi masitepe olowera, ndi pabwino kwa ana. Blue Hole ili chapatali pang'ono, kuyenda mphindi 10 kapena 15 mu nkhalango, koma kumeneko ndi kwa odziwa kusambira chifukwa ndi kozama ndipo madzi amatuluka ndi mphamvu, Junior ayi. Tengani mataulo ndi juzi, madigiri 22 amamveka ofunda ukamawerenga koma mwana akatuluka amanjenjemera milomo kuchita kuda. Ndipo mu bwato satopa, mumupatse magalasi osambirira aja aziviika nkhope mmbali mwa kayaki inu mutamugwira jaketi, aziona nsomba zikudutsa pansi pake. Tikadutsa popapatiza pa mitengo mtsinje umatambasuka nkukhala dambo lalikulu la mpunga wa kutchire, pamenepo mbalame ndi zambirimbiri, kenako timalowa mu mthunzi wa mitengo ya cypress.

Wophunzira za madzi: Ndiwonjezereko chimodzi chomwe ndikufuna aliyense akaone koma asakhudze. Chakumunsi pang'ono kudzanja lamanja mukaona kakasupe kakang'ono kotchingidwa ndi mpanda, ndi Coffee Spring. Mmenemo mumakhala kankhono kochepetsetsa, mamilimita 2 kapena 3 basi, amati Ichetucknee siltsnail, ndipo padziko lonse lapansi kamapezeka pamenepo pokha, pa malo osaposa chipinda chimodzi. Anthu ochepa atangolowa nkupondaponda masana amodzi mtundu wonse utha. Nde wina akaona mpanda asaganize kuti akutimana malo abwino ojambulira, tingoima ndi maboti kunja nkuyang'ana.

Aphiri a ku Area 25: Mukajambule mutitumizire pagulu pano, makamaka pansi pa madzipo ndione ndere mukunenayo

Bambo a mapasa: Chabwino ine ndamva zonse koma maganizo anga pa nkhani ya ndalama sanasinthe. Ngati atseka njira yotchipa akanaika ina, kaya tsiku limodzi pa mwezi loti mabanja abwereke makayaki motsika mtengo, kaya china. Kuteteza kwabwino koma mwana woti sanauonepo mtsinje umenewu akadzakula sadzaumenyera nkhondo, adzati ndi wa anthu olemera. Zimenezo ndikalemba ndithu ku ofesi ya paki

NaPhiri wa ku Gainesville: Lembani ndipo ine ndisainira nawo, pamenepo mwanena mfundo yeniyeni. Za Loweruka musadandaule, malume ali ndi bwato la anthu atatu, ine ndili ndi kayaki ya awiri yomwe mpando wina ukhala wopanda munthu, mapasa akwera mmenemo, inu ndi mayi awo mubwereke imodzi yokha. Mukafuna tikamaliza mukawatengere pa Dampier's Landing akayandameko pa chubu, onse awiri akhala atazipeza.

Malume a ku Ocala: Atero ndithu, mmodzi akhale pakati pa bwato langa ndimuphunzitse kugwira nkhafi. Koma NaPhiri Lachisanu muimbe foni ku paki mufunse mmene madzi alili. Santa Fe akasefukira madzi ake akuda aja amabwerera chammbuyo kulowa mu Ichetucknee, kumunsi kumada, nthawi zina amatseka kumene, komaso mphepo zamkuntho zija za Idalia ndi Helene zinagwetsa mitengo yambiri mdera limeneli.

Mlongo wa ku Lake City: Pepani ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti ya usiku, ndawerenga zonse ndipo mtima wanga wagunda chifukwa ine nde ndimakhala komwe mukunenako, kumwera kwa tawuni, nyumba ya lendi, ndipo ili pa septic tank osati pa paipi ya khonsolo. Eni nyumba amabweranso kawiri pachaka kudzamwaza feteleza pa kapinga. Ndekuti zonsezo zikupita ku kasupe? Ndiwauze chani poti nyumba si yanga

Wophunzira za madzi: Mlongo dera limenelo lili mkati mwenimweni mwa malo odyetsa akasupe, nde eya gawo lina limakafika. Septic wamba amachotsa tizilombo ndi zolimba koma nitrogen yambiri imadutsa. Poyambira afunseni eni nyumba kuti thanki anaipopa liti, imafunika kupopedwa zaka 3 mpaka 5 zilizonse, ndipo yang'anani ngati pamwamba pake pamachita chinyontho kapena kapinga wobiriwira kuposa pena ponse, chimenecho ndi chizindikiro choti ikutaya. Za feteleza auzeni kuti inu kapinga wobiriwira kwambiri simukumufuna, ambiri amasangalala chifukwa ndi ndalama yawo yomwe ikupulumuka, akakakamira ndiye asamwaze nyengo ya mvula ya Juni mpaka Seputembala chifukwa amangotsukidwa tsiku lomwelo. Pomweta udzu azisiya zometazo pompo ziwolerane. Komaso pansi pa lamulo la 2016 loteteza akasupe boma limakhala ndi thandizo la ndalama kwa eni nyumba ofuna kusintha septic kukhala yochotsa nitrogen mmadera ena, afunse ku ofesi ya county ngati adiresi yanu ili momo.

Mlongo wa ku Lake City: Zikomo kwambiri, pa thanki paja nde pobiriwira zedi kuposa pena ponse. Abwera Lachitatu kudzakonza chitseko cha kukhitchini, ndiwatengera kuseri akaone okha. Achemwali Loweruka ndilembeni ine ndi mwana wanga wamkulu, jaketi yake ndilibe ngati wina ali ndi yapadera ya mwana wa zaka 9 andibwereke